Namwino Wakumva

Mawu amene analankhulidwa pa tsiku la odwala, m'sabata ya chikondwerero cha parishi, ku Molumbo



Mabuku a parishi amasunga maina a obatizidwa, a olandira Ulimbitso, a omanga ukwati woyera ndi a omwalira. Palibe buku limene linalemba maina a anthu amene anatsuka zilonda, amene anagwira mutu wa mwana wokomoka ndi malungo, kapena amene anachezera usiku wonse pambali pa mayi wovutika pobereka. Komabe m'mamishoni ambiri a dziko lino anthu anayamba kuudziwa Mpingo pa khomo la mankhwala asanaudziwe pa khomo la tchalitchi. Nchifukwa chake nkoyenera kuti tsiku limodzi la chikondwerero chino lipatulidwe polingalira za ntchito ya unamwino, makamaka funso lakale limene anamwino eni ake amatsutsana pa ilo: kodi mtima wachisoni umamthandiza namwino pa ntchito yake, kapena umamsokoneza?

Funsoli si lachibwana ayi. Alipo anthu anzeru amene amati namwino wabwino ndi wouma mtima. Amati dzanja lonjenjemera ndi chisoni silingapeze mtsempha wa mwana amene watha madzi m'thupi, ndipo maso odzaza misozi sangawerenge bwino muyeso wa mankhwala. Amatinso munthu woona imfa kawiri kapena katatu pa sabata, akamalira maliro onsewo, sangathe chaka pa ntchito. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo adzapatsidwa malo ake patsogolo. Koma asanavomerezedwe, pafunika kuyang'ana liwu limodzi limene makolo anasiya.

Chichewa chili ndi liwu limodzi limene Chipwitikizi chimaligawa panayi. Mwana wa sukulu amaphunzira kuti ouvir ndi ntchito ya khutu, sentir ndi ntchito ya thupi ndi mtima, entender ndi ntchito ya nzeru, ndipo obedecer ndi ntchito ya mwana kwa kholo lake. Makolo sanagawe chotero. Iwo anangoti kumva. Munthu amamva mawu, amamva kuwawa, amamva chisoni, amamva tanthauzo la mwambi. Ndipo mwana wosachita zimene wauzidwa amatchedwa wosamva, ngakhale makutu ake ali bwinobwino. Makolowo anazindikira kuti zinthu zinayizi zili pa chingwe chimodzi: amene mtima wake sunakhudzidwe sanamvetse, ndipo amene sanamvetse sangachite choyenera.

Tsono chingwe chimenechi chilowe m'chipinda choyezera odwala. Mayi wabwera pa njinga kuchokera ku Corromana, mwamuna wake watsala pakhomo. Afunsidwa chimene chikumvuta, iye ayang'ana pansi, nayankha chapansipansi kuti mutu ukumuwawa. Namwino wakumva ndi khutu lokha alemba mankhwala a mutu, naitana wotsatira. Sanalakwire lamulo lililonse. Koma namwino wakumva monga ananenera makolo aona kuti mayiyo wakhala m'mphepete mwa mpando, wavala zitenje zitatu kunja kukutentha, ndipo sakufuna kuyandikira. Atseka chitseko, atsitsa mawu, nafunsanso. Pamenepo ndipo zidziwika kuti chiberekere movutika chaka chatha, mkodzo umangotuluka wokha, ndipo wakhala akugona pa mphasa yakeyake ndi manyazi osaneneka. Nthenda imeneyi ili ndi dzina, fistula, ndipo madokotala amatha kuisoka. Chimene chinaipeza sichinali chida choyezera, koma mtima umene unakhudzidwa ndi kakhalidwe ka mayiyo. Apa chisoni sichinali chokometsera ntchito, monga mchere wothira pamwamba pa ndiwo zopsa kale. Chinali gawo la kuyeza kwenikweniko.

Fanizo la Msamariya, lopezeka m'mutu 10 wa Mthenga Wabwino wa Luka, limaphunzitsa zomwezi, ndipo mwambo wa Mpingo umati Lukayo anali sing'anga. Wansembe ndi Mlevi sanali akhungu. Onse awiri anamuona munthu wovulazidwa uja. Chimene chinasiyanitsa Msamariya nchakuti kuonako kunamfika m'kati. Liwu la Chigriki limene Luka analemba pamenepo limanena za kugwedezeka kwa za m'mimba, ndipo liwu la misericórdia, lochokera ku Chilatini, limalumikiza mtima ndi munthu wosauka. Koma akhristu ambiri amalekeza fanizoli pa chisoni, osaona zotsatira zake. Msamariya sanakhale pansi nkumalira. Anatsuka mabala ndi mankhwala a nthawi imeneyo, anawamanga, anapeza chonyamulira, anapeza malo ogona, analipira, ndipo anapangana za kudzabweranso. Ntchito yonse ya chipatala ili m'menemo, kuyambira pa kuona wodwala mpaka pa tsiku la kudzamuonanso.

Oyera awiri amene Papa Pio XI anawaika kukhala ankhoswe a anamwino m'chaka cha 1930 ali ndi chinthu chimodzi chofanana, chimene sichitchulidwa kawirikawiri: onse awiri anayamba agona okha pa bedi la chipatala. Woyamba ndi Yohane wa Mulungu, Mpwitikizi wobadwira ku Montemor-o-Novo m'chaka cha 1495. Atatembenuka mtima mu mzinda wa Granada, anthu anamuyesa wamisala, namtsekera m'chipatala cha mfumu, kumene mankhwala a amisala anali chikoti ndi unyolo. Atatuluka anatsegula nyumba yakeyake ya odwala, ndipo anawasamala mpaka imfa yake pa 8 Malichi 1550. Abale a chipani chake anafika mpaka kuno, nayang'anira chipatala cha pa Ilha de Moçambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Wachiwiri ndi Kamilo wa ku Lellis, wobadwa m'chaka cha 1550, msilikali amene anataya zake zonse pa njuga. Chilonda chosapola cha pa mwendo chinamgoneka m'chipatala cha San Giacomo ku Roma, ndipo ali chigonere anaona ndi maso ake mmene antchito olipidwa ankasiyira odwala ndi ludzu ndi m'zonyansa zao. Anasonkhanitsa anzake ovala mtanda wofiira pa mkanjo, ndipo Papa Sixto V anavomereza gulu lao m'chaka cha 1586.

Pa Kamilo pali kanthu kena koyenera kukaganizira. Iye anaona kuti odwala ena ankatengedwa kupita kumanda moyo usanathe, chifukwa cha changu cha antchito. Mtima unamuwawa, koma sanalekeze pa kuwawako: analamula abale ake kuti wodwala akaoneka kuti watsirizika, adikire ndithu mphindi 15 asanamkhudze ngati mtembo. Chisoni chinasanduka lamulo, ndipo lamulolo linateteza odwala ngakhale pa tsiku limene mbale wina anadzuka wopanda chisoni. Malamulo ambiri a unamwino anabadwa chotero. Kusunga chinsinsi cha wodwala, kupempha chilolezo asanamgwire thupi, kutchinga nsalu pomuyeza: lililonse mwa amenewa linayamba ndi munthu amene anaona mnzake akuchititsidwa manyazi, mtima nkumuwawa.

Dera lino linaphunzira zimenezi m'njira yowawa. Pa 24 Julaye 1975, patangopita mwezi umodzi dziko litalandira ufulu, boma linatenga zipatala ndi masukulu, za mishoni zomwe. Mpingo unatsala wopanda nyumba za mankhwala, koma sunatsale wopanda odwala. Msonkhano waukulu wa ku Beira wa m'chaka cha 1977 unasankha njira ya miphakati yokhala ndi maudindo ake, ndipo kuyendera odwala kunakhala ntchito ya akhristu wamba. Kuyambira 1978 boma nalonso linayamba kuphunzitsa anthu a m'midzi, otchedwa APE, kuti azipereka chithandizo choyamba kwa anzao. Kenaka nkhondo inafika. Milange inagwa m'chaka cha 1986, ndipo boma linailandanso m'chaka cha 1988. Zipatala za m'midzi zinatenthedwa kapena kusiyidwa, ndipo anthu anawolokera ku Malawi, kumene othawa nkhondo anafika pafupifupi miliyoni imodzi mtendere usanasainidwe ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ambiri mwa okhala m'tchalitchi muno lero anali m'gulu limenelo, ena pa msana pa amayi ao.

M'misasa ya ku Malawi munachitika chinthu chimene chimayankha mbali ina ya funso lija. M'chaka cha 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo anagwidwa ndi nthenda ya pelagra: khungu la pakhosi ndi pamikono linkada ndi kusweka ngati lopsa, m'mimba munkatseguka, ena mutu unkasokonekera. Achibale anawasamala ndi chikondi chonse, nawaphikira phala ndi nsima, osadziwa kuti kudya chimanga chokhachokha ndiko kunali gwero la nthendayo. Mtedza umene unkagawidwa pamodzi ndi ufa unali utasowa, ndipo thupi linasowa chakudya china chaching'ono chotchedwa niacina. Anafunika anthu ophunzira kuti awerenge odwala, afunse zimene akudya, ndi kupeza chosowacho. Mapiritsi ndi mtedza zitabwera, nthendayo inachepa. Chikondi cha achibale chinali chenicheni, koma pachokha sichikanatha kuchiritsa. Amene amati mtima wabwino ngokwanira akumbukire pelagra.

Koma amene amati nzeru nzokwanira akumbukire kolera. Mankhwala othira m'zitsime pa Chipwitikizi amatchedwa cloro, ndipo nthenda yake ndi cólera. Kwa munthu wosapita kusukulu mawu awiriwa amamveka ngati amodzi. M'chaka cha 2009, m'boma la Mogincual ku Nampula, mphekesera inabuka yakuti othira mankhwala ndiwo akufesa nthenda, ndipo ena mwa anthu odzipereka a Cruz Vermelha anaphedwa ndi anthu omwewo amene ankafuna kuwapulumutsa. Nkosavuta kungoti umenewo unali umbuli. Koma Carlos Serra, mphunzitsi wa pa Universidade Eduardo Mondlane, anali atafufuza kale mphekesera zotere ku Nampula komweko, nalemba buku lotchedwa Cólera e Catarse m'chaka cha 2003. Chimene anapeza nchakuti anthu osauka anali atataya chikhulupiriro chakuti akuluakulu angawafunire zabwino. Munthu amene zaka zonse wakhala akulankhulidwa mokalipa, osafunsidwa maganizo, osafotokozeredwa kanthu, akaona mwadzidzidzi alendo akuthira zinthu m'chitsime chake, sayamba ndi kuthokoza.

Nkhani ya anamapopa ya m'chaka cha 2017 inadutsa pafupi kwambiri ndi kuno. Ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu anaphedwa powaganizira kuti akupopa magazi, antchito a zaumoyo anaopsezedwa chifukwa cha zida zao zoyezera, ndipo bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Kupha munthu chifukwa cha mphekesera ndi tchimo lalikulu, ndipo palibe chifukwa chimene chingalichepetse. Komabe funso litsala: magazi amatengedwa tsiku ndi tsiku m'zipatala, pa chala kapena pa mkono, kodi ndi kangati pamene mwini magaziwo amauzidwa, m'chilankhulo chake, kumene akupita ndi chimene akukafunamo? Mphindi ziwiri za kufotokoza zimaoneka ngati zotayika pamene mzere wafika kumsewu. Koma namwino wodziika m'malo mwa gogo amene akuona magazi ake akulowa m'kabotolo kolembedwa zilembo zosadziwika adzazipeza mphindizo, ndipo potero adzatetezanso moyo wake ndi wa anzake.

Tsopano mawu a anzeru aja apatsidwe malo ao, pakuti mtima wosaphunzitsidwa uli ndi machimo akeake. Loyamba ndi kukondera. Chisoni chimathamangira kwa wachibale, kwa wa mphakati umodzi, kwa wolankhula chilankhulo chimodzi, kwa wolira mokweza. Pamene mwana wodwalitsa, amene alibe ngakhale mphamvu zolirira, ali chete kumapeto kwa mzere. Namwino woyamba ndi mlamu wake amadzimva ngati wachifundo, koma wachita chosalungama. Lachiwiri ndi kupereka chimene wodwala akufuna m'malo mwa chimene akusowa. Anthu ambiri amakhulupirira kuti popanda jakisoni sanathandizidwe, ndipo pafunika mtima wolimba kuti munthu akane gogo wopempha ndi manja awiri. Lachitatu ndi bodza lotonthoza: kuuza banja kuti zonse zili bwino pamene imfa ili pakhomo, kotero kuti wansembe aitanidwa mochedwa, ndipo munthu apita wosakonza za ana ake ndi za mzimu wake. Lachinai, limene limakhudza a m'miphakati koposa anamwino, ndi kuulula chinsinsi m'dzina la pemphero. Alipo anthu amene anasiya kukatenga mankhwala a Edzi chifukwa matenda ao anatchulidwa pa mapemphero a mphakati ndi munthu wa mtima wabwino ndithu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mwini nthenda ndiye mwini nkhani yake.

Motero mankhwala a machimo amenewa si kuumitsa mtima, koma kuuphunzitsa. Kulimba mtima ndi kuuma mtima nzosiyana monga nsungwi yaiwisi isiyana ndi youma: yoyamba imapindika nkubwerera, yachiwiri imathyoka. Papa Benedikto XVI, m'kalata yake Deus Caritas Est ya m'chaka cha 2005, anaika luso la ntchito patsogolo monga chofunika choyamba kwa otumikira ovutika, kenaka anaonjeza kuti luso lokha silikwanira, chifukwa wothandizidwayo ndi munthu, ndipo mtima wa wothandiza nawonso uyenera kuphunzitsidwa. Florence Nightingale, amene tsiku lake lobadwa, 12 Meyi, linakhala tsiku la anamwino pa dziko lonse, amakumbukiridwa ndi nyali imene ankayenda nayo usiku pakati pa asilikali odwala ku Scutari. Koma yemweyo anali katswiri wa kuwerenga, ndipo ndi ziwerengero anaonetsa boma la kwao kuti asilikali ambiri ankafa ndi matenda a uve koposa mabala a nkhondo.

Chatsala ndi kutopa, ndipo apa mlandu uchoka pa anamwino nugwera parishi. Namwino wokalipa kawirikawiri sanabadwe wokalipa. Anayamba ntchito ndi mtima wofewa, napeza mzere wosatha, mankhwala osakwanira, usiku wopanda womlandira, ndi mayi wofunika opaleshoni pamene msewu wa ku Milange kapena wa ku Gurúè wadzaza matope. Anaona ana akufa ndi matenda amene iye akudziwa bwino mankhwala ake. M'mawa mwake palibe anamfunsa mmene wagonera. Mudzi umadziwa kupepesa ofedwa, umasonkha ufa ndi nkhuni, umagona pa siwa. Koma amene mwanayo anafera m'manja mwake amabwerera kuntchito yekhayekha, mwinanso akumva kunja kuti ndiye wapha. Mtima wochitidwa chotero umadzitchinjiriza pomera chikhungwa. Amene amadandaula za chikhungwacho ayambe afunsa kuti anachimeretsa ndani.

Pali zinthu zimene miphakati ingathe kuchita popanda kudikira boma kapena thandizo lakunja. Tsiku la odwala la pa 11 Febuluwale, limene Papa Yohane Paulo II analikhazikitsa m'chaka cha 1992, lisamathere pa kudzoza odwala kokha. Anamwino, azamba, a APE ndi osesa m'chipatala aziitanidwa, akatolika ndi osakhala akatolika omwe, ndipo pakhale nthawi yakuti iwonso anene zowawa zao. Mkhristu asapereke nkhuku kapena ndalama kuti adumphe mzere, pakuti potero amaphunzitsa namwino tchimo la kukondera lija, nadzadandaula nalo yekha tsiku limene adzabwere chimanjamanja. Mphekesera yokhudza chipatala ikamveka m'mudzi, atsogoleri a mphakati apite masana kukafunsa, nabwere ndi yankho Lamulungu lisanafike. Ndipo wodwala wosadziwa Chipwitikizi asamapite yekha: mphakati uliwonse usankhe anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, odziwa kumasulira ndi kusunga pakamwa.

Chomaliza chikhudza anamwino ochokera kutali. Boma limatumiza kuno achinyamata ophunzira ku Quelimane, ku Nampula ngakhale ku Maputo, ndipo ambiri amafika osadziwa Chichewa kapena Chilomwe. Sukulu inawapatsa liwu limodzi, dor, ndi funso limodzi lakuti pakupweteka ndi pati. Koma wodwala wa kuno sanena kuti pakupweteka chabe. Amati m'mimba mukuluma, kapena mukupota, kapena mukusongola, m'nthiti mukubaya, mutu ukung'amba, thupi likuphwanya, mwendo wachita dzanzi, chilonda chikunyerenyetsa, mtima ukuthamanga, m'maso mukuchita chidima. Lililonse mwa mawu amenewa limaloza kwina, ndipo womasulira akawaphatikiza onse nkungoti dor, theka la zimene wodwala ananena latayika pakati pa mpando ndi tebulo. Mnyamata kapena mtsikana wotere sangamve chisoni chimene sakutha kuchimva ndi khutu. Mphakati wokhala pafupi ndi chipatala umtenge ngati mwana wa pakhomo, umuitane ku chakudya, umphunzitse mawu khumi pa sabata, ndi kumseka mwachikondi akalakwitsa. Aphunzitsi oyamba akhale amayi achikulire, pakuti ndiwo asunga mawu a m'chikuta ndi a matenda a amayi, amene sangatchulidwe muno pamaso pa Ambuye Episkopi ndi apongozi.